Siketi Imene Telala Anakana Kubweza

Telala anali ndi mapini pakamwa, tepi ili pakhosi, pamene mwana wake analowa m'shopu n'kuponya siketi ya yunifomu patebulo lodulirapo nsalu.

"Adadi, yayambanso kundikhwepa. Mundibwezereko, ndikufuna ndiivale mawa."

Telala analavulira mapini aja m'manja. "Iwe Dzungu, kodi siketi imeneyi imakula tikagona? Si yomweyi ndinaibweza mwezi watha?"

"Ndi nsalu yake, imatamuka."

"Nsalu yosankha ine itamuke? Tabwera kuno ndikuyese."

Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo mpaka kukatsamira chitseko, manja atawabisa m'juzi. "Ayi, ingobwezani pang'ono ngati mmene mumachitira muja. Ine ndikukaphika." Asanamuyankhe n'komwe anali atatuluka.

Dzina la Dzungulo analipereka ndi telala yemweyo, mwanayo ali wakhanda wamasaya otukumuka, ndipo linamukakamira. Mumsewu wonsewo telala ankadziwika kuti bambo a Dzungu. Mkazi wake, yemwe ankasita zovala ndi kusokerera mabatani pakona ya shopuyo, anali mayi a Dzungu. Tsopano mwanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali, wanzeru m'kalasi, ndipo chaka chimenecho anali atalanda khitchini m'manja mwa mayi ake. Makolo ake ankamutamanda kwa aliyense wobwera kudzasoketsa, ngakhale amene sanafunse.

"Musiyeni mwana, ndi msinkhu," anatero mkazi wake akuthira madzi pakolala ya malaya. "Atsikana amasiku ano aliyense akufuna chiuno cha mavu. Inenso ndinali choncho."

"Inuyo? Ndiye kuti ndinachedwa kufika."

"Muli ndi mwayi kuti simbiyi ili ndi chingwe chachifupi."

Telala anaseka n'kutenga lezala. Pa nkhani yobweza zovala munthuyu ankadzimva, ndipo tisamunamizire, ankaitha ntchito. Matelala ena amangotsina nsalu m'mbali n'kudutsitsa makina, chovala n'kutuluka ndi chotupa ngati chalumidwa ndi njuchi. Iye ankamasula lamba yense wa m'chiuno, kusuntha zipi, kugawa bwinobwino mopinda monse, moti chovalacho chinkakhala pathupi ngati chinasokedwa dzulo. Siketi ya mwana wake anali ataibweza choncho kangapo chaka chimenecho, mongoyerekeza ndi maso, uku akuimba kamluzu.

Koma tsiku limeneli lezala itamasula msoko, anapeza kuti pobwezera panatha. Matumba awiri a m'mbali anali atayenda mpaka kutsala pang'ono kukumana kumbuyo. Anaiyala siketiyo patebulo kuti aganize bwino, ndipo inagwera pamwamba pa kasiketi kena kamene anali atangomaliza m'mawa, ka mwana wa kupulayimale. Mwanayo ankamudziwa, anali asanamere ndi mano akutsogolo omwe. Malamba a masiketi awiriwo anagonerana ndendende, palibe wopitirira mnzake.

Telala anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Anachotsa tepi pakhosi n'kuyesa siketi iyi, kenako iyo. Anayesanso.

"Mayi a Dzungu, tabwerani muone."

Mkazi wake anabwera akupukuta manja. Anayang'ana kwa kanthawi. "Mwasokoneza masiketi."

"Sindinasokoneze. Iyi ndi ya mwana wathu."

Onse awiri anaweramira masiketi aja. Chimene chinawadzidzimutsa chinali fungo la kolala ya mwini wake ikupserera pansi pa simbi.

Masana onsewo makina a telala sanalire. Ankakumbukira juzi ija imene mwanayo sankaivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankakumbukira mayankho ake, akuti ndadya kusukulu, ndakhuta polawa, ndidya kenako. Chimene chinamulasa mtima kwambiri chinali ntchito yake yomwe. Siketiyo ikanakhala kuti ikugwa, aphunzitsi akanaona, aneba akanawatsina khutu. Koma iye anali ataibweza mwaluso mwezi ndi mwezi, mwanayo n'kumaoneka waudongo, wovala zomukwana. Anachita manyazi, ndipo anachita mantha.

Madzulo mtsikanayo anawaikira mpunga, nyemba ndi mazira okazinga. Anadzaza mbale za makolo ake mpaka pamwamba, n'kuima pambali ndi chipande ngati woperekera zakudya kulesitilanti.

"Onjezerani, adadi. Lero ndathira anyezi wambiri."

"Khala pansi tidye limodzi."

"Ndadya kale pophika."

"Khala pansi, mwanawe."

Anakhala. Anadziikira kampunga koti ngakhale nkhuku ikanafunsa kuti zatha. Anadula dzira tizidutswatizidutswa, anatimwaza m'mbale, anatisonkhanitsanso, kenako anamwa madzi. Telala ankangoyang'anira pansi pa magalasi. Mkazi wake ndiye analephera kupirira.

"Udya chakudya chimenecho, wamva? Ukufuna anthu aziti tikukumana chakudya m'nyumba muno? Kapena aziti uli ndi matenda? Ine ndikudyetsa ndi manja angawa ngati sukundidziwa!"

"Ndikadyera kukhitchini, kuno mukundisokosera," anatero mtsikanayo, n'kunyamula mbale yake.

Telala anadikira pang'ono, kenako anamutsatira mwakachetechete. Kukhitchini kunalibe munthu, koma chitseko chakumbuyo chinali chotsegula. Mwana wake anali ataima pampanda akukhuthula mbale, ndipo kuseri kwake galu wa aneba ankagwedeza mchira ngati munthu wodziwa nthawi yake. Galu ameneyu chaka chatha ankawerengeka nthiti, koma tsopano ankanyezimira ngati wa mwini butchala. Telala yemweyo anali atawaseka anebawo kuti ayamba kudyetsa galu kuposa ana.

Mtsikanayo atatembenuka anakumana maso ndi bambo ake. "Ndinalibe njala."

Telala sanakalipe. Anangomugwira pamkono, ndipo zala zake zinazungulira mkonowo n'kutsalako. Unali wozizira ngati wa munthu wochokera kochapa.

Atabwerera m'nyumba anauza mkazi wake motsitsa mawu kuti, "Mawa tikupita naye kuchipatala."

"Ntchito yadzazayi? Tingomukhaulitsa, ndi mwano basi. Masiku awiri okha ndikhale naye ine, muona."

"Mwano suziziritsa manja. Shopu mawa sititsegula."

M'mawa mtsikanayo anatuluka kuchipinda atavala bulauzi ya sukulu ndi juzi. "Adadi, siketi yanga ili kuti?"

"Sindinaibweze, ndipo sindidzaibwezanso. Vala diresi, Dzungu, tikupita kwa adokotala."

Apa ndiye kunaphulika moto umene makolowo anali asanauonepo. Mwana wofatsa uja, amene ankalandira chinthu ndi manja awiri, anamenya tebulo mpaka makapu analira.

"Musandiitanenso dzina limenelo! Mukudziwa zimene amanena kusukulu? Ndikamadutsa anyamata amakuwa kuti ligubuduzeni, lapsa! Dzina lopereka inu! Ine ndakulira pansi pa tebulo lanu lija, adadi. Mayi aliyense mukamuzunguliza tepi mumati, eee, mwaonjezera thupi amayi, nsaluyi ikwana? Amaseka, inde, koma ine ndinkawaona nkhope akamatuluka. Ndiye lero ndachepa, mwayambanso kudandaula. Mukufuna chiyani kwenikweni?"

Mayi ake anatsegula pakamwa, koma telala anawagwira paphewa. Mawu aja anamupweteka chifukwa anali oona. Nthabwala imeneyo anali ataibwereza zaka zonse za utelala wake, ndipo ankaiyesa mbali ya ntchito ngati choko ndi ulusi.

"Dzinalo latha lero," anatero. "Za makasitomala ndamva, ndipo pakamwa pangapa ndipasoka ndekha. Koma kuchipatala tikupita."

"Sindipita. Sindikudwala."

"Ndikubereka kumsana mpaka pokwerera basi, anzako onse akuona. Ndipo usaganize kuti ndilephera, sukulemera."

Mtsikanayo anawayang'ana bambo ake n'kuona kuti atemetsa nkhwangwa pamwala. Anakavala diresi akulira.

Kuchipatala anakhala pabenchi mpaka matako kuwawa. Dokotala wake anali wachinyamata, maso ofiira ndi kutopa, ndipo kunja mzere unali utafika pakhomo. Anamuyeza mwanayo magazi, anamumvetsera pachifuwa, ndipo zotsatira zitabwera anayamba kulemba.

"Matenda amene mumaopa aja mulibe. Magazi ndiwo achepa. Azimwa mapiritsi awa, ndipo muzimupatsa chakudya chokwanira. Wotsatira alowe!"

Mkazi wa telala anapumira m'mwamba n'kunyamula chikwama. Mtsikanayo anali ataimirira kale. Telala yekha sanasunthe pampando.

"Pepani adokotala, chakudya kwathu chilipo. Galu wa aneba ndiye mboni. Mwanayu akuchikana dala, ndipo ine sindikudziwa chochita. Mukandibweza ndi mapiritsi, nawonso akadya ndi galu yemweyo."

Wina pamzere anasuzumira n'kung'ung'udza kuti ena abwera kudzacheza. Dokotala anaika cholembera pansi. Anamugwira mtsikanayo pamkono akuyang'ana wotchi, ndipo nkhope yake inasintha. Anamukweza pasikelo, kenako anamufunsa motsitsa mawu kuti anasamba liti komaliza. Mtsikanayo anayang'ana pansi n'kunena kuti papita miyezi. Mayi ake anagwira pakamwa.

"Mwachita bwino kukakamira, bambo," anatero dokotala. "Pitani chitseko chomaliza kumanzere, kwa anamwino oona za matenda a maganizo. Ndikuwaimbira pompano."

Ali m'khonde mkazi wa telala anaima. "Kumeneko ayi. Mwana wanga si wamisala. Atationa munthu wotidziwa, mawa msewu wonse udziwa."

"Adziwe. Chitsekocho chikanalembedwa kuti ndende, tikanalowabe. Tiyeni."

Namwinoyo anali mayi wachikulire wosathamangira kulankhula. Anayamba wacheza ndi mtsikanayo paokha kwa nthawi yaitali, makolo ali panja, kenako anawaitana.

"Uwu si mwano, komanso si fasho," anatero. "Ndi matenda, ndipo amapha. Mwanayu akaona chakudya amachita mantha enieni, ngati mmene inu mungachitire wina atakuuzani kuti mugwire njoka. M'mutu mwake muli mawu omuuza kuti akadya walephera. Mtima wake wayamba kale kugunda mochedwa. Akapanda kuyamba kudya sabata ino, tidzamugoneka."

"Ndiye tizimumenya kapena tizimunyengerera?" anafunsa mayi ake, misozi ili m'maso.

"Zonsezo ayi. Kukhitchini achokeko, muziphika ndi kumuikira ndinu. Kusukulu ayambe wapuma. Nthawi iliyonse ya chakudya wina akhale naye mpaka mbale ithe, ndipo akatha musamusiye yekha msanga. Osakalipa, osakamba za thupi lake, ngakhale kumuyamikira kuti wayamba kunenepa. Muzibwera naye kuno sabata iliyonse. Ndikuchenjezeni, adzakutukwanani. Mukamamva zimenezo muzidziwa kuti akulankhula ndi matendawo."

Telala anafunsa kuti zidzatenga nthawi yaitali bwanji. Namwino anati sangamunamize, mwina miyezi, mwina kupitirira chaka.

Anagawana ntchito. Chakudya cham'mawa ndi chamadzulo ankakhalapo onse awiri, koma chamasana chinagwera telala, chifukwa mkazi wake mtima unkamuthawa, akaona mwana akulira nayenso ankayamba. Choncho dzuwa likafika pamutu mayiyo ankabweretsa mwanayo ndi mbale yake m'shopu n'kubwerera kunyumba. Telala ankasuntha nsalu patebulo, n'kutseka chitseko ndi loko. Imeneyo ndiyo inali nthawi imene anthu a m'maofesi ankatuluka kudzasiya ndi kudzatenga zovala, ndipo aliyense wodziwa utelala akanamuuza kuti wapenga.

Masiku oyamba anali owawa. Tsiku lina mbale inauluka n'kukaswekera pamakina, telala n'kumatola mpunga m'kabati ya ulusi. Anangotuma uthenga kunyumba kuti abweretse mbale ina, yapulasitiki. Tsiku lina mwanayo anabisa buledi m'manja a juzi, ndipo bambo ake anangotambasula dzanja mpaka buledi anatuluka. Nthawi zina chakudya chimodzi chinkatha anthu a m'maofesi atabwerera kale kuntchito. Telala, munthu amene pakamwa pake sipankapuma, anaphunzira kukhala chete.

Tsiku lina ali pakati pa nkhondo yomweyi, chitseko chinagogodwa mwamphamvu. Anali mayi wina wabizinesi, kasitomala wakalekale, amene anali atasiya nsalu zodula za madiresi a operekeza ukwati wa mwana wake.

"Atelala! Ndikukuonani pawindo! Mwayamba kutsekera anthu kunja masana? Ndabwera ndi atsikana kuti muwayese, galimoto ikudikira!"

Maso a mwana wa telala anawala. "Tsegulani, adadi. Ndimaliza ndekha, ndikulonjeza."

Telala anamuyang'ana. Ankafunitsitsa kumukhulupirira, ndipo ntchito ija inali yaikulu kuposa zonse zimene analandira chaka chimenecho. Anaimirira, anatsegula chitseko pang'ono, koma thupi lake linatseka mpatawo, diso limodzi lili kutebulo.

"Pepani mayi, panopa sindingathe. Bwerani madzulo."

"Madzulo ndili ndi zina. Mukutani m'menemo chofunika kuposa ukwati wa mwana wanga?"

"Tikudya."

"Mukudya! Mwamva atsikana inu? Akuti akudya! Bambo inu, ngati ntchito yakukwanani, ndipatseni nsalu zanga. Matelala ali mbwee m'tauni muno."

Telala anatambasula dzanja pashelefu ya pafupi ndi chitseko, anatsitsa mtolo wa nsalu zija zisanadulidwe n'komwe, n'kuupereka ndi manja awiri. "Mukawauze kuti nsaluyi imaterera, adule ndi sizasi yakuthwa. Ukwati ukayende bwino, mayi."

Mayiyo anatsomphola mtolowo. Anachoka akulalata mpaka pagalimoto, ndipo mawu ake ankamvekabe galimotoyo italira kale. Telala anatseka, n'kubwerera pampando wake.

"Mwataya kasitomala chifukwa cha mpunga wozizirawu," anatero mwana wake.

"Eya."

"Akauza anzawo onse. Shopu yanu igwa."

"Mwina."

"Ndikudana nanu, adadi. Ndikudana nanu kwambiri."

"Ndamva, mwana wanga. Yatsala mbali iyo."

Mtsikanayo analira mosatulutsa mawu, misozi ikugwera m'mbale. Anatapa mpunga, anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuuika m'kamwa. Anatafuna ngati akutafuna mchenga, koma anameza. Patapita kanthawi anafunsa, osadzutsa mutu.

"Mawa mutsekanso?"

"Nditseka."

"Nanga mkuja?"

"Nditseka. Mpaka tsiku limene udzandiuze wekha kuti uli ndi njala."

Anawayang'anitsitsa bambo ake, kufunafuna pamene angagonjere, koma sanapapeze. Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi n'kutapanso supuni ina. Kunja wina anagogoda, anadikira, n'kugogodanso, koma telala sanatembenuke.